Kalumo ka mlendo ndi manja a otsala

War Doctor: Surgery on the Front Line. Wolemba: David Nott. Osindikiza: Picador, London, 2019.

Mabuku a madokotala ofotokoza za moyo wawo achuluka masiku ano, ndipo ambiri amayenda njira imodzi: mwana wanzeru, sukulu yowawa, wodwala woyamba kufera m'manja, kenako nzeru za ukulu. La David Nott lili nazo zonsezi, koma lili ndi china chimene enawo alibe. Kuyambira 1993 mwini wakeyu wakhala akusiya ntchito yake ya ku London kwa masabata angapo, kupita kumene anthu akuwomberana, kukatsegula mimba ndi zifuwa za ovulala. Bukuli linatuluka mu 2019, koma kuno kum'mwera kwa Niassa buku la Chingerezi limafika mochedwa, moti kwa ife likadali latsopano. Ndaliwerenga ndili ndi funso limodzi: munthu akabayidwa kapena kuwomberedwa pansi pa nthiti za kumanja kuno ku Mecanhelas, muli chiyani m'bukuli chimene chingamupulumutse?

Ndinene maganizo anga pachiyambi pomwe. Bukuli ndi labwino, losavuta kuwerenga, ndipo limanena zoona ngakhale pamene zoonazo zikumuchotsera ulemu mwini wake. Komabe phunziro lake lalikulu lili pena, osati pamene ogulitsa akuloza chala. Iwo akutionetsa munthu mmodzi wolimba mtima, wa manja odabwitsa. Masamba enieniwo akusonyeza kuti wovulala chiwindi kapena mtsempha waukulu amapulumuka ndi zinthu zochepa zochitika msanga: kupanikiza potuluka magazi, kutsekapo ndi nsalu, kumuthira magazi, kumufunditsa, ndi kudziwa polekezera. Wochita zimenezi ndi amene alipo usiku womwewo.

Nott anabadwa mu 1956 ku Carmarthen, m'dziko la Wales, ndipo ali wamng'ono analeredwa ndi agogo ake kumudzi wa Trelech. Bambo ake anali dokotala wa mafupa, mayi ake namwino. Anaphunzira ku St Andrews ndi ku Manchester, n'kukhala katswiri wa opaleshoni ya mitsempha ya magazi m'zipatala za ku London monga St Mary's ndi Chelsea and Westminster. Iye akuti moto wopita kunkhondo unamuyakira ataonera filimu ya The Killing Fields, ya mavuto a ku Cambodia, pamodzi ndi bambo ake. Ulendo woyamba unali wa ku Sarajevo mu 1993, ndi bungwe la Médecins Sans Frontières. Zitatero panabwera Afghanistan, Sierra Leone, Darfur, Congo, Iraq, Libya, Gaza ndi Syria. Bukuli likutsata maulendo amenewa, ndipo pafupifupi mutu uliwonse uli ndi wodwala amene sachoka m'maso ukatseka tsamba.

Amene wandikhala kwambiri m'mutu ndi wa ulendo woyambawo. Mnyamata wafika ndi bala la chidutswa cha bomba m'mimba, mitsempha ikuluikulu yabooka. Nott watsegula mimba, dzanja lili m'kati likupanikiza. Mwadzidzidzi chipatala chagwedezeka ndi bomba, magetsi zii. Mumdimamo iye sanachotse dzanja. Ankaitana, koma woyankha panalibe. Magetsi atabwerera anapeza kuti watsala yekha m'chipindamo, anzake onse athawira kobisala, ndipo mnyamata uja watsirizika. Sakubisa kuti zinamuwawa, anaona ngati amutaya. Ine ndikuwamvetsa anthu aja. Anali atakhala miyezi yambiri mabomba akugwa, ndipo ankadziwa kuti namwino akafa lero, ovulala a mawa adzasowa wowalandira. Koma nkhaniyi ikuonetsanso china: katswiri wa mitsempha wochokera ku London, popanda kuwala, popanda wothandiza, popanda magazi oti athire, dzanja lake linangochedwetsa imfa kwa kanthawi.

Kuti timvetse chifukwa chake, tilowe pang'ono m'thupi. Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5, ndipo chimakhala kumanja, pansi pa nthiti. Pa mphindi iliyonse mumadutsa magazi pafupifupi malita 1.5, chonsecho thupi lonse lili ndi malita 5 okha. Amene anatumbulapo mbuzi akudziwa kufewa kwa chiwindi: chala chimachiboola, ndipo ulusi ukakokedwa kwambiri umachidula m'malo mochigwira. Magazi amalowamo ndi njira ziwiri. Ambiri, pafupifupi magawo 3 mwa 4, amachokera ku matumbo kudzera mu mtsempha wotchedwa portal vein. Otsalawo amabwera ndi mtsempha wogunda wochokera ku aorta, mtsempha waukulu wotuluka mumtima. Potuluka amadzera m'mitsempha itatu yaifupi ya kumbuyo, imene imathira mu vena cava, mtsempha waukulu kuposa yonse yobwezera magazi kumtima. Vena cava imeneyi yadutsa kuseri kwa chiwindi, motsamira msana. Khoma lake n'lopyapyala, ndipo ikabooka siidzifinya yokha. Choipa kwambiri n'chakuti kuti dokotala aone pobookapo ayenera kutukula chiwindi, pamene chiwindicho ndicho chinali kutsekapo. Akangotukula, magazi amadzaza mimba mofulumira kuposa mmene makina angapopere.

Madokotala akhala akulimbana ndi bala limeneli zaka zoposa 100, ndipo mbiri yake imathandiza kumvetsa zimene Nott akuphunzitsa. Mu 1908, James Hogarth Pringle wa ku Glasgow analemba kuti ukatsina ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala kamtolo ka mitsempha kolowa m'chiwindi kunsi kwake, magazi olowa amaima, ndipo umatha kuona chimene ukuchita. Odwala amene iye anawachita opaleshoni nthawi imeneyo anamwalira onse, koma njirayo ilipo mpaka lero ndi dzina lake. Amatsina kwa kanthawi, n'kumasula, n'kutsinanso. Njirayi imauzanso dokotala komwe kuli vuto. Magazi akaleka, ndiye kuti chabooka chili m'njira zolowera, ndipo pali chiyembekezo chochipeza n'kuchimanga. Akapitirira kutuluka, akuda, kuchokera kuseri, ndiye kuti ndi mitsempha ya kumbuyo ija kapena vena cava yeniyeniyo. Apo aliyense m'chipindamo amadziwa kuti zafika povuta.

Kwa nthawi yaitali, akatswiri ankayankha vutoli ndi luso lochulukirapo. Mu 1968 ku San Francisco, Theodore Schrock ndi anzake anafotokoza njira yolowetsa paipi kudzera kumtima mpaka mu vena cava, kuti magazi azidutsa m'paipimo uku akusoka pobookapo. Inali nzeru yokoma papepala, koma odwala ambiri ankafera patebulo. Ena ankadula mbali yaikulu ya chiwindi, opaleshoni ya maola ambiri, wodwala n'kumwalira ntchito itatha bwinobwino. Pang'ono ndi pang'ono anazindikira chimene chinkapha anthuwo. Mimba ikakhala yotsegula nthawi yaitali, thupi limazizira. Ziwalo zikasowa magazi, asidi amachuluka m'thupi. Kuzizira ndi asidiyo zimalepheretsa magazi kuundana, ndiye amayamba kuchucha paliponse, ngakhale pamene singano yangodutsa. Zitatuzi zimakokana mpaka munthu kufa.

Choncho anabwerera ku njira yakale imene ena ankainyoza, yoika nsalu. Ku Detroit, ku Houston ndi ku Atlanta, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, madokotala monga Charles Lucas, Anna Ledgerwood, David Feliciano ndi Harlan Stone anaonetsa kuti kuleka msanga kumapulumutsa. Mu 1993, chaka chomwe Nott anali ku Sarajevo, Michael Rotondo ndi William Schwab a ku Philadelphia anaitchula njirayi kuti damage control. Msodzi wa pa nyanja ya Chiuta amaidziwa kale: bwato likabooka pakati pa nyanja, sayamba kusema thabwa, amatsekapo ndi chisanza, kukapa madzi, kupalasira kumtunda, kukonza kwenikweni n'kudzachita mawa.

Patebulo zimaoneka chonchi. Wothandiza amagwira chiwindi ndi manja awiri, kuchifinya kuti milomo ya bala ikumane, ndipo amakhala chomwecho osasuntha, uku wogonetsa akuthira magazi. Kenako amapinda nsalu zikuluzikulu zopukutira magazi, kuziyala pamwamba ndi pansi pa chiwindi kuti chipanikizike pakati. Saziloweka m'balamo, chifukwa zingaling'ambe. Zikathina mopitirira zimafinya vena cava, mtima n'kusowa magazi obwerera. Zikalefuka magazi amapitirira. Matumbo obooka amangowamanga kaye kuti zoipa zisatayikire. Amawerenga nsaluzo, kulemba chiwerengero, n'kuphimba mimba mongoyembekezera, nthawi zina ndi pulasitiki ya thumba la diripi, nzeru imene inachokera ku Bogotá. Wodwala amapita kukafunda ndi kulandira magazi, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri amabwerera kuti achotse nsalu zija. Chipolopolo chikaboola chiwindi n'kusiya ngalande yaitali, ena amalowetsamo kachubu kokhala ndi chibaluni n'kuchifufumitsa kuti chipanikize kuchokera m'kati. Vena cava ikang'ambika kunsi kwa impso ndipo wodwala akutha, amatha kuimanga yonse. Miyendo imatupa, koma munthu amakhala ndi moyo. Ndipo magazi akaundana kuseri kwa chiwindi, osakula, osatuluka, dokotala wanzeru amawasiya osawakhudza.

Nott amafotokoza nzeru yoleka msangayi m'mawu amene munthu wosaphunzira za chipatala angamve, ndipo apa ndi pamene bukuli lili ndi mafuta. Mitu ya ku Syria ndiyo mtima wake. Mu 2013 ndi 2014 anagwira ntchito ku Aleppo, kumene akatswiri ambiri anali atathawa, n'kutsala achinyamata, ena asanamalize n'komwe maphunziro. Akufotokoza za owombera mobisala amene ankaoneka ngati akusankha chiwalo cha tsikulo, moti ovulala a tsiku limodzi ankabwera ndi mabala ofanana, ndipo ngakhale amayi oyembekezera sanasiyidwe. Masana ankachita opaleshoni pamodzi ndi achinyamatawo, madzulo n'kukhala nawo pansi kuwaphunzitsa: potsegula chifuwa, pogwira mtsempha, polekezera. Powerenga umaona kusintha kwa munthuyu. Wa ku Sarajevo ankafuna kupulumutsa ndi manja ake. Wa ku Aleppo wazindikira kuti adzakwera galimoto n'kupita, ndipo chimene chidzatsale ndi zimene waika m'manja mwa ena. Mu 2015 iye ndi mkazi wake Elly anayambitsa David Nott Foundation yophunzitsa madokotala a m'madera a nkhondo, ndipo mu 2016 anatsogolera opaleshoni ya m'chipatala cha M10 ku Aleppo ali ku London, akuonera pa Skype.

Palinso nkhani ya ku Rutshuru, kum'mawa kwa Congo, mu 2008. Mnyamata anali ndi mkono wowonongeka ndiponso wowola, ndipo panafunika kuuchotsa pamodzi ndi fupa la phewa, opaleshoni imene Nott anali asanachitepo. Analembera mnzake wa ku London, Meirion Thomas, ndipo malangizo anabwera pa meseji ya foni, sitepe ndi sitepe. Mnyamatayo anachira. Atolankhani a ku Ulaya anaikonda nkhaniyi monga chozizwitsa. Kwa ife ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku imene ikungosowa dongosolo: wogwira mpeni ali m'chipatala cha boma lakutali, wodziwa zambiri ali ku Nampula kapena ku Maputo, ndipo onse awiri ali ndi WhatsApp m'thumba.

Tsopano tibwere kwathu. Mecanhelas si Aleppo, koma mabala oboola m'mimba si achilendo kuno. Akuluakulu akukumbukira nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992: zipatala zing'onozing'ono zotenthedwa, njanji ya ku Nacala itaduka, anthu akuwolokera ku Malawi, dziko limene linasunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni. Mabomba okwirira anapitirira kuvulaza anthu mpaka dziko lino linalengeza mu 2015 kuti minda yonse yodziwika yayeretsedwa. Kuyambira 2017 mfuti zikulira ku Cabo Delgado, chigawo choyandikana nafe. Ndipo chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitadutsa, dzina la Mecanhelas linamveka pakati pa malo amene anthu anawomberedwa pa zionetsero. Masiku wamba nawo ali ndi zawo: mpeni wa pamowa, chikwanje cha mkangano wa malire a munda, nyanga ya ng'ombe, chitsulo cha njinga yamoto yogubuduka, mvuu ya m'nyanja.

Kusiyana kwathu ndi Aleppo ndi msewu. Ku Aleppo wovulala ankatha kufika patebulo m'mphindi zochepa, chifukwa nkhondo inali pakhomo pa chipatala. Kuno wovulala pagombe la Chiuta kapena cha ku Entre Lagos ayamba wanyamulidwa pa machila kapena pa njinga yamoto, wina atamugwira kumbuyo, kupita ku chipatala chapafupi, kenako ku Insaca, kenako ku Cuamba. Zikakanika, ku Lichinga kapena ku Nampula. Ena amasankha kuwolokera ku Nayuchi, kulunjika ku Liwonde kapena ku Zomba. M'dzinja, matope a m'madambo amawonjezera maola. Mu 2015 akatswiri a Lancet Commission on Global Surgery anati munthu aliyense azitha kufika pasanathe maola 2 pamalo pamene angatsegulidwe mimba, kuchitidwa opaleshoni yobereka kapena kukonzedwa fupa lotulukira kunja. Kwa wobooka vena cava, ngakhale maola 2 amenewo ndi ambiri. Tinene mosabisa: ovulala kwambiri a mtundu umenewu amathera panjira. Amene amafika ali moyo ndi amene thupi lawo latsekapo lokha kwa kanthawi, ndipo amenewo ndiwo angapulumuke ndi nsalu, magazi ndi dzanja losapupuluma.

Akale anasiya mawu awiri okhudza mlendo, ndipo onse akumukwana Nott. Anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Anatinso mlendo ndi mame. Dziko la Mozambique linamva kuwawa kwa mawu achiwiriwa mu 1975, pamene madokotala ambiri a Chipwitikizi anachoka dziko litalandira ufulu. Yankho lake linabwera mu 1984, nkhondo ili m'kati: boma linayamba kuphunzitsa anthu amene sanali madokotala, koma odziwa kale ntchito ya chipatala, kuti azichita opaleshoni. Ndiwo a técnico de cirurgia, ndipo mmodzi mwa amene anatsogolera ntchitoyi anali dokotala wa opaleshoni Fernando Vaz. Kafukufuku wa Caetano Pereira ndi anzake, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti mu 2002 a técnico anachita maopaleshoni akuluakulu a uchembere 92 mwa 100 alionse m'zipatala za m'maboma. Anapezanso kuti patapita zaka 7, a técnico 88 mwa 100 alionse anali akadali m'zipatala za m'mabomazo, pamene madokotala amene anatumizidwa kumeneko anali atachoka onse. Ku Malawi ma clinical officer asenza katundu wofananawo. Zimene Nott anafikapo atayenda zaka 20, zoti luso liyenera kukhala ndi wotsala, dziko lino linaziika m'dongosolo iye asanapite n'komwe ku Sarajevo.

Apa ndi pamene ndikulidandaulira bukuli. M'mitu ya ku Syria, anzake a Nott ali ndi maina, nkhope ndi nthabwala zawo. Ammar Darwish ndi munthu wathunthu, mnzake weniweni. M'mitu ya ku Africa, eni dziko ambiri amadutsa ngati odwala, olira kapena onyamula mfuti. Namwino amene anawiritsa zida, wogonetsa amene anayeza ketamine, mayi amene anachapa nsalu zija kuti zigwirenso ntchito, sitimva kwenikweni zimene iwo ankaganiza za mlendoyu. Si nkhanza, ndi mmene maso a wodutsa amaonera. Koma wowerenga wa kuno amaona msanga mpata umenewu, chifukwa anthu osatchulidwawo ndi abale ake.

Chachiwiri, bukuli limayamba wodwala akafika pakhomo la chipatala. Za panjira lili ndi zochepa, chonsecho kwa ife nkhondo yaikulu ili pomwepo. Dokotala wa ku Norway, Hans Husum, ndi anzake anaphunzitsa anthu a m'midzi ya ku Cambodia ndi kumpoto kwa Iraq, kumene kunali mabomba okwirira, zinthu zosavuta: kutsegula njira ya mpweya, kupanikiza bala, kufunditsa wovulala. Imfa pakati pa ovulalawo zinatsika kuchoka pa 40 kufika pafupifupi pa 15 mwa 100 alionse. Palinso mankhwala otsika mtengo a tranexamic acid. Kafukufuku wa CRASH-2 wa mu 2010, wa odwala oposa 20,000 m'maiko 40, anaonetsa kuti amachepetsa imfa za otaya magazi, makamaka akaperekedwa msanga, maola 3 asanadutse. Ndi mankhwala omwewo amene amathandiza mayi wotaya magazi atabereka. Jakisoni ameneyu malo ake ndi pachipatala choyamba chimene wovulala wafikira, chifukwa podzafika ku Cuamba nthawi yake ingakhale itatha.

Chachitatu ndi tsiku lotsatira. Kuika nsalu ndi theka la ntchito. Pafunika wina woyang'anira wodwala usiku wonse, mpweya wa okosijeni, magetsi osathima, opaleshoni yachiwiri, ndipo koposa zonse magazi. Diripi ya madzi yokha siinyamula mpweya, ndipo ikachuluka imasungunula magazi otsalawo, n'kukankha zoundana zimene zinali zitatseka bala. M'zipatala zambiri za mu Africa muno anthu akhala akutunga magazi otayikira m'mimba, kuwasefa pa nsalu yoyera n'kuwabwezera mwini wake, makamaka kwa amayi amene mimba yakhala m'njira yolakwika n'kuphulika. Koma matumbo akabooka magaziwo amadetsedwa. Zikatero chotsala ndi mkono wa m'bale. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017, zimene zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe ndipo zinamvekanso mbali ino ya malire. Kumene anthu akuopa wotenga magazi, wobooka chiwindi alibe mwayi, ngakhale atamugwira Nott yemweyo. Nkhani imeneyi ndi ya mafumu, abusa ndi mashehe, ndipo palibe mlendo angatiyankhulire.

Pa khalidwe la wolembayu, ndiyamikire kuti sadzipaka mafuta. Akuvomera kuti ngozi inkamukoka, kuti kupulumuka pa chipolopolo kunkamupatsa chisangalalo chimene ankachifunanso. Akufotokoza mmene anasokonekera mutu atabwerako ku Aleppo, mpaka kulephera kuyankhula pa chakudya ndi Mfumukazi Elizabeth, imene inaona vutolo n'kuitanitsa agalu ake kuti awadyetse pamodzi. Akufotokozanso za ku Gaza mu 2014, pamene anauzidwa kuti chipatala chiphulitsidwa, iye n'kukana kusiya kamtsikana kamene kanali patebulo. Bomba silinagwe, mwanayo anachira. Nkhaniyi imagwira mtima, koma ndikaiika pambali pa ya ku Sarajevo ndimakhala ndi mantha pang'ono ndi phunziro limene wachinyamata angatolepo. Wogwira ntchito amene ali yekha m'boma lonse alibe ufulu wotchova moyo wake. Pena bukuli limatalikitsa za ndege zimene mwini wake amakonda kuwulutsa ndi za chikondi chake, ndipo masamba amenewo ndinawadutsa mofulumira. Chingerezi chake n'chosavuta, cha munthu wonena zimene anaona, ndipo amene anafika sekondale ku Malawi angachitsate. Amene anaphunzira m'Chipwitikizi adzafuna womuthandiza.

Kodi wa kumudzi, amene sadzagwirako mpeni wa opaleshoni, angatolepo chiyani? Zochepa, koma zolemera. Mpeni kapena chitsulo chikatsalira m'mimba, osachizula. Mwina ndicho chatseka mtsempha, ndiye chizungulizeni ndi nsalu kuti chisagwedezeke. Bala laling'ono pansi pa nthiti lisakunamizeni, magazi amatayikira m'kati. Munthu akayamba kutuwa, kutuluka thukuta lozizira, kupuma mofulumira ndi kupempha madzi, nthawi ikutha. Musamumwetse kanthu, musathire mankhwala a zitsamba kapena dothi pabala. Matumbo akatuluka, aphimbeni ndi nsalu yoyera yonyowa, osawabwezera m'kati. Mufunditseni ngakhale kuli dzuwa. Imbani foni kuchipatala muli m'njira. Ndipo amene akuperekeza asakhale olira okha. Pakhale achinyamata athanzi okonzeka kupereka magazi. Bukuli silinandandalike zimenezi motere, koma wowerenga mosamala adzaona chifukwa cha chilichonse.

Ndikulimbikitsa kuti a técnico, anamwino, ogonetsa odwala ndi ophunzira za umoyo aliwerenge, makamaka mitu ya ku Syria. Asaliyese buku lophunzitsira opaleshoni. La ntchito imeneyo ndi War Surgery la International Committee of the Red Cross, lolembedwa ndi Christos Giannou ndi Marco Baldan, limene linalembedwera malo a zida zochepa. La Nott ntchito yake ndi kusonyeza mmene munthu amaganizira magazi akudzaza mimba, ndi mmene katswiri amaphunzirira kuleka. Aliwerengenso amene amagawa ndalama za umoyo ku Lichinga ndi ku Maputo, aone kuti mafuta a ambulansi, firiji ya magazi ndi jenereta ndi mbali ya opaleshoni mofanana ndi mpeni.

Buku limene ndikulifuna pambuyo pa ili ndi la técnico amene wakhala zaka 20 m'chipatala chimodzi cha m'boma, amene anatsegula mimba za m'nthawi ya nkhondo ndi za m'nthawi ya mtendere, amene amakumana pamsika ndi amene anawapulumutsa komanso ndi amasiye a amene anamukanika. Anthu otero alipo m'Niassa, m'Zambézia ndi m'Tete, ndipo ena akuyandikira kupuma pantchito. Wina apite ndi kope ndi foni yojambulira mawu, akhale nawo pansi, alembe m'Chipwitikizi, m'Chimakua ndi m'Chinyanja, kuti wachinyamata amene adzagwire chiwindi chobooka kwa nthawi yoyamba adzakhale atamva kwa munthu amene anagwira ntchito ndi zida zomwezo, pa msewu womwewo.